Mbiri ya Kaliwo ndi Zimene Anthu Anampangira

Pa zipangizo zonse zimene munthu anadzipangira, nzowerengeka zimene ntchito yake idabwitsa monga ya kaliwo. Khasu lilima, nkhwangwa idula, mphika uphika. Koma kaliwo ntchito yake ndiyo kusunga moto pafupi ndi mphuno ya mwini wake, kuti akoke utsi umene nyama zonse za m'thengo ziuthawa. Ndipo popeza ambiri a inu owerenga mulima fodya, ndi ena munaona akuluakulu a kwanu alikutola khala ndi zala zawo naliika pa kaliwo, ndayesa kuti nkoyenera tilondole mapazi a chinthu chimenechi: kumene chinachokera, zimene anthu anachipangira, ndi chimene chinachigwetsa. Funso limene amisiri a mitundu yonse analimbana nalo linali limodzi, ndilo lakuti: nchiyani chingasunge moto osapsa, chosalemera pa mano, ndiponso chosaotcha chala?

Fodya si mbewu ya kuno, ngakhale takhala naye nthawi yaitali kotero kuti timuyesa wathu. Kwawo nku America, kumene kunachokeranso chimanga, chinangwa ndi mtedza. M'chaka cha 1492, pamene Christopher Columbus anafika pa chisumbu cha Cuba, anatuma anthu ake awiri, Rodrigo de Jerez ndi Luis de Torres, kukazonda dziko. Ndipo iwo pobwera anasimba kuti anaona amuna ndi akazi alikuyenda ndi masamba okulunga, oyaka moto ku nsonga, nakoka utsi wake. Koma kumpoto kwa dzikolo eni ake anali ndi kaliwo kalekale. Ofukula zakale ku Ohio anapeza m'zitunda za manda kaliwo wa mwala wosemedwa ngati mbalame, achule ndi akatumbu, ndipo zaka zake zifika ngati 2,000.

Kwa anthu amenewo kaliwo sanali choseweretsa cha madzulo iai. Anali chinthu cha mapangano ndi cha mapemphero. Ku Minnesota kuli mwala wofiira, wofewa kotero kuti mpeni uusema, wogona pansi pa thanthwe lina louma zedi. Mitundu yambiri inkayenda maulendo a masiku ambiri kukaukumba. Azungu anautcha catlinite, potengera dzina la George Catlin, wojambula zithunzi amene anafikako mu 1836. Kuyambira 1937 boma la United States lisunga malowo, ndipo ololedwa kukumba ndi eni dziko okha, ndi zida za m'manja. Mphamvu ya kaliwo wotere tiiona pa ulendo wa wansembe Jacques Marquette, amene anatsika mtsinje wa Mississippi mu 1673. Anthu a mtundu wa Illinois anampatsa kaliwo wokongoletsedwa ndi nthenga. Ndipo kunsi kwa mtsinje, pamene anthu ena anamdzera ndi mauta, iye anamkweza m'mwamba, ndipo akulu awo pomuona analetsa anyamata. Chimene kalata ya boma ichita kwa wapaulendo lero, kaliwo anachita pamenepo.

Amalinyero a ku Spain ndi Portugal ndiwo anawolotsa mbewuyi. Jean Nicot, kazembe wa France ku Lisbon, anatumiza fodya ku nyumba ya mfumu ya kwawo cha mu 1560, namtama kuti ndi mankhwala ochiza zilonda ndi mutu. Ndipo dzina lake lakhalira pa ululu uli m'tsambalo, umene tiutcha nikotini. Ku England kusuta kunafala m'masiku a Mfumukazi Elizabeth woyamba, Sir Walter Raleigh ali patsogolo, ndipo pomwepo oumba mbiya anapeza ntchito yatsopano.

Kaliwo wa dongo ndiye analamulira Ulaya zaka zoposa 200, ndipo tiyenera kuimapo pang'ono. Dongo lake linali loyera, lokumbidwa makamaka ku Devon ndi ku Dorset. Mmisiri ankalikanda, naliumba ngati mchira wokhala ndi mutu, nalowetsa waya m'kati mwa mchirawo kuti utsi upeze njira. Atatero ankaliika m'chikombole cha chitsulo, naboola mutu, naumika, naotcha m'ng'anjo. Woyamba uja mutu wake unali waung'ono, wosaposa nsonga ya chala, pakuti fodya anali wa mtengo wapatali, wosuta ndi olemera okha. Koma John Rolfe atabzala fodya ku Virginia mu 1612, ndipo minda itakula ndi thukuta la akapolo ogwidwa kuno ku Africa, mtengo unatsika, ndipo mutu wa kaliwo unanka nukula. Chotero munthu wodziwa akhoza kuyang'ana kaliwo wosweka nakuuzani ngati fodya anali wodula kapena wotchipa m'masiku a mwini wake. Amisiri a ku London analandira chikalata cha mfumu chokhazikitsa gulu lawo mu 1619. Ena a iwo anawolokera ku Holland, ndipo mudzi wa Gouda unatchuka ndi ntchitoyi koposa aphunzitsi ake.

Kaliwo wa dongo sakhalitsa, akagwa, wasweka. Munthu ankagula ambiri pa kobiri, nataya zidutswa paliponse. Kutayako kunasanduka phindu la ophunzira. Mu 1954 J. C. Harrington, wofukula zakale ku America, anaonetsa kuti una wa utsi unanka nuchepa m'kupita kwa zaka: wa m'chiyambi cha zaka za m'ma 1600 unali ngati magawo 9 a magawo 64 a inchi, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 unatsika kufikira magawo 4. Kotero ofukula mabwinja a Azungu ayesa tizidutswa timeneti, nadziwa zaka zimene anthu anakhala pamenepo, monga ife tizindikira bwinja ndi mapale.

Mafumu sanakondwere nacho chizolowezi chachilendochi. Mfumu James woyamba wa England, yemweyo amene analamula kutembenuza Buku Lopatulika m'Chingerezi, analemba kabuku kotsutsa fodya mu 1604, kotchedwa A Counterblaste to Tobacco. Ndipo pa msonkho wa mapeni 2 pa paundi anaonjezapo mashilingi 6 ndi mapeni 8. Werengani nokha, mudzaona kuti anaukweza koposa ka 40. Ku Turkey, Sultan Murad wachinayi analetsa kusuta mu 1633, ndipo ogwidwa ankaphedwa. Ku Russia ankawang'amba mphuno. Papa Urban wachisanu ndi chitatu analetsa fodya m'nyumba za mapemphero za ku Seville mu 1642, chifukwa anthu ankasuta ndi kufwenkha ngakhale pa nthawi ya Misa. Zonsezi sizinaphule kanthu. Ndipo nchomvetsa chisoni kuti mafumu sanagonje chifukwa cha kukoma kwa utsi, koma chifukwa cha kukoma kwa msonkho. Atangoona ndalama zimene fodya alowetsa mosungira chuma, mkwiyo wawo unazirala.

Nanga kuno kwathu? Ena ayesa kuti kaliwo anadza ndi Azungu, koma si tero. Ku Ethiopia, m'phanga lina kufupi ndi nyanja ya Tana, anapeza mitu ya kaliwo ya dongo ya zaka za m'ma 1300, Columbus asanabadwe, ndipo m'kati mwake munali zotsalira za chamba. Choncho pamene fodya anafika ndi zombo za Apwitikizi, nalowa m'dziko potsata njira za malonda, anapeza nyumba yomangidwa kale. Mtundu uliwonse unapanga monga mwa zimene unali nazo. Kummwera ena ankaumba kachulu ka dothi pansi, naboola ndi kamtengo, nagwada kusutira pomwepo. Anthu a Chixhosa ku South Africa asema wa mtengo, ndipo mayi wamkulu asuta wautali kuposa wa mtsikana wokwatiwa chatsopano. Mafumu a Bamum ku Cameroon anali ndi amkuwa, ena akulu kotero kuti ankangoonetsa pa miyambo. Makolo athu anasankha chapafupi ndi chanzeru: mutu wa dongo lomwe aumbira miphika, ndi bango kapena kansungwi kokokera utsi. Bango likatha, dambo lili pafupi. David Livingstone pokwera m'mapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja alikulima fodya pamodzi ndi thonje, asanabwere mzungu aliyense wa munda. Ndipo kuti fodya anazika mizu m'moyo wa anthu, umboni wake ndi mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Mbewu yachilendo silowa msanga m'miyambi.

Tibwerere ku Ulaya, kumene olemera anayamba kunyansidwa ndi dongo, pakuti wosauka aliyense anali nalo. M'zaka za m'ma 1700 anapeza mwala woyera wopepuka, umene Ajeremani anautcha meerschaum, ndiko kunena thovu la nyanja, chifukwa uyandama pa madzi. Ukumbidwa m'maenje akuya kufupi ndi mudzi wa Eskişehir ku Turkey. Ukali wonyowa ufewa ngati sopo, ndipo amisiri a ku Vienna ankausema nkhope za mafumu, akavalo ndi mikango, naumiza m'phula la njuchi. Ubwino wake ngwakuti supsa, ndipo umwa madzi a fodya. Kukamwako usandulika mtundu pang'onopang'ono, kuchoka pa kuyera kunka ku chikasu, kenaka kufiirira ngati uchi wakale. Tsono taonani kupusa kwa mwana wa munthu: chimene chiukongoletsa mwalawo ndi litsiro lomwelo limene likhala m'chifuwa mwa wosuta, koma pa mwala alitcha ulemerero. M'zaka za m'ma 1970 boma la Turkey linaletsa kutulutsa mwalawu wosasema, kuti ntchito ikhale ya amisiri a kwawo; mfundo imene maiko ogulitsa mbewu zosakonza angaisinkhesinkhe. Mwala wa mtundu womwewo unapezekanso kufupi ndi Amboseli, m'malire a Kenya ndi Tanzania, ndipo ku Arusha kunali fakitale yopanga kaliwo wotchedwa Kiko, ndilo dzina la kaliwo m'Chiswahili.

Koma amene anapambana onse ndi wa mtengo, chinthu chimene munthu sakadachiyembekeza, pakuti mtengo ndiwo chakudya cha moto. M'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Corsica, Italy, Greece ndi Algeria, m'mapiri ouma a miyala, mumera chitsamba chimene ophunzira achitcha Erica arborea. Abale ake tiwaona pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika. Afalansa achitcha bruyère, ndipo Angerezi anakhotetsa dzinalo nati briar. Pakati pa tsinde ndi mizu chitsambachi chimera chibulumwa cholimba, mosungira madzi ndi chakudya, kuti moto wa tchire ukapsereza nthambi chiphukenso. Chibulumwa chimenecho chikula pang'onopang'ono, zaka makumi angapo, ndipo chiuma gwa, chosagwira moto msanga, koma chopepuka. Okumba achidula zidutswa, nasiya zong'aluka ndi zolowa miyala, zimene zichuluka. Zotsalazo aziwiritsa m'madzi maola ambiri kuti utomoni wowawa utuluke, naziumika pa mthunzi miyezi yambiri, pakuti zikauma mofulumira zing'ambika.

Ntchitoyi inayamba cha m'ma 1850 m'mudzi wa Saint-Claude, m'mapiri a Jura ku France. Ilipo nthano yakuti munthu wina anaswa kaliwo wake ali pa ulendo ku Corsica, ndipo mmisiri wa kumeneko anamsemera wina wa muzu umenewu. Koma nthano zotere zimera pa chinthu chilichonse chotchuka, ndipo sitiyenera kuziyesa mbiri. Chodziwika nchakuti anthu a Saint-Claude anali amisiri a mitengo kuyambira kale, osema mikanda ya mapemphero ndi tinthu tina togulitsa kwa alendo odza ku nyumba ya amonke ya pamenepo, ndipo mitsinje yawo inkazunguza makina. Muzu utafika, manja anali okonzeka. Pa nthawi yomweyo kunapezeka chopangira poluma. Kale ankagwiritsa nyanga, fupa, kapena utomoni wouma wa mitengo yakale umene uli wa mtengo wapatali. Koma Charles Goodyear atapeza njira yophika mphira ndi sulufule mu 1839, ndi mbale wake Nelson atapanga mphira wouma wakuda mu 1851, wosauka yemwe anakhoza kukhala ndi kaliwo wosasweka ndi wosalasa mano. Apa dongo linagwa. Masitolo a ku London, monga ya Alfred Dunhill imene inatsegulidwa mu 1907, anatenga muzu womwewo naugulitsa kwa olemera pa mtengo wapatali.

Ziwiri zina tingozitchula, popeza zili m'munda mwa aliyense. Ku Washington, m'dera la Missouri, mmisiri wochokera ku Holland dzina lake Henry Tibbe anayamba mu 1869 kupanga kaliwo wa chitsononkho cha chimanga, nachimata ndi pulasitala kuti chisapse. Ndipo asilikali a Angerezi pobwerera ku nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902 anatenga ku South Africa kaliwo wa khosi la mphonda, limene alimi ankalipinda likali pa mpesa wake.

Kasamalidwe kake kasiyana monga mwa chopangira, ndipo osuta akale anali ndi malamulo ambiri. Wa dongo asambitsidwa ndi moto: eni nyumba za alendo ku England ankasonkhanitsa onse odetsedwa m'chitsulo chonga lichero, nawaika m'ng'anjo, natuluka oyera ngati atsopano. Makolo athu ankachita chimodzimodzi poika mutu wa kaliwo pa makala. Wa muzu ukamtero wapsa. Iye afuna kuti m'kati mwake mumere mwaye wouma wotchinjiriza mtengo, wochindikala ngati kobiri. Ukachepa moto uboola, ukachuluka ufufuma nung'amba mutu, chotero aupala ndi kampeni kobuntha. Sasutidwa kawiri motsatana, koma apumula tsiku kuti aume. Nchifukwa chake osuta ena a ku Ulaya ankasunga asanu ndi awiri, mmodzi pa tsiku lililonse la sabata. Sagogodedwa pa mwala, ndipo poluma sazulidwa akali wotentha. Wa meerschaum safuna mwaye konse, ndipo zala zamafuta zimsiyira zipsera. Poluma pa mphira pakakhala pa dzuwa pasanduka pobiriwira ndi powawa. Una wa utsi kale ankautsuka ndi nthenga ya nkhuku kapena udzu, kufikira pamene anthu a ku Rochester ku New York anapanga kawaya kokulungidwa ndi thonje, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Ana a sukulu a maiko ambiri akapinda kawayako kupanga tizidole, osadziwa kuti kanabadwira chiyani.

Tsono nkhani iyi itikhudza ife pati? Itikhudza pa chimene chinkapsa m'katimo. John Buchanan anayesa fodya wa ku Virginia m'mapiri a Shire, ndipo woyamba, wochepa ndithu, anatumizidwa kunja mu 1893. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale ku Limbe mu 1908. Mu 1919 boma la Britain linachepetsa msonkho pa fodya wochokera m'maiko a pansi pake, ndipo pomwepo tsamba la Nyasaland linayamba kufunidwa. M'zaka za m'ma 1920 A. F. Barron, wa munda wa Mbabzi ku Lilongwe, anagawira mbewu anthu a m'midzi nawaphunzitsa kufukiza masamba pa moto wa nkhuni zonyeka pang'onopang'ono. Ndiye fodya uja timutcha chikopa, wakuda, wolemera, wonunkha utsi. Olima anachuluka msanga kotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iwalembe ndi kuyang'anira misika, ndipo okushoni inayamba ku Limbe mu 1938. Chikopa sichiyenera ndudu zofewa. Ntchito yake yaikulu inali fodya wopota ndi wotsindira wa kaliwo, wotafuna ndi wofwenkha. Kunena kwina, wokumba malasha wa ku Wales ndi mmalinyero wa ku Glasgow, pokhala pansi madzulo ndi kaliwo wawo, ankasuta thukuta la anthu a ku Lilongwe ndi ku Dowa. Mtengo wake sunkapangidwa ndi wolima. Amene ankakhala pa minda ya Azungu kummwera anadziwa kuwawa kwa thangata; ndipo nkhuni zofukizira zinadya misuku ndi mitondo ya midzi yambiri.

Chimene chinagwetsa kaliwo si mfumu kapena mlaliki, koma makina. James Bonsack wa ku Virginia anapanga makina okulunga ndudu cha mu 1880, otulutsa zikwi zambiri pa ola limodzi. Ndipo m'nkhondo ziwiri zazikulu, ya 1914 ndi ya 1939, maboma anagawira asilikali ndudu pamodzi ndi chakudya. Kaliwo afuna munthu wokhala pansi, wokhala ndi nthawi. Ndudu iyenera wothamanga. Kuno kwathu chotsatira chake chinali chakuti chikopa chinachepa, ndipo burley, amene apita ku ndudu, anatenga malo ake, makamaka kuyambira 1990 pamene alimi a m'midzi analoledwa kumlima.

Ena amati kaliwo ndi wofatsa, alibe choipa cha ndudu, popeza wosuta sameza utsi. Mbiri siivomereza mawu amenewo. Sing'anga wa ku Germany, Samuel Thomas von Sömmerring, analemba kale mu 1795 kuti khansa ya pa mlomo igwira kawirikawiri osuta kaliwo, ndiko kunena zaka 155 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill asanaonetse mu 1950 kuti ndudu zibala khansa ya m'mapapo. Chikalata cha mkulu wa asing'anga a boma la United States cha 1964 chinatsutsa ndudu kolimba, ndipo amuna ambiri pochita mantha anathamangira kugula kaliwo. Koma chikalata chomwecho chinanenanso za kaliwo ndi khansa ya pa mlomo, ndipo ofufuza a pambuyo pake anaonjezapo ya m'kamwa, ya pa mmero, ya m'mapapo ndi nthenda ya mtima. Anathawa mvula nagwa m'chitsime. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse liwerenga kuti fodya apha anthu oposa 7 miliyoni chaka ndi chaka, ndipo dziko la Malawi, ngakhale lidalira mbewuyi pa ndalama zake zakunja, linalowa m'pangano la maiko lochepetsa fodya mu 2023.

Nyumba yotsiriza youmba kaliwo wa dongo ku Broseley, m'dziko la England, inaleka ntchito cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pambuyo pake inasandutsidwa mosungira zakale, zikombole zake zili pa matebulo monga amisiri anazisiya. Ku Saint-Claude, kumene kale anthu zikwi zingapo ankadya za muzu uja, atsala amisiri owerengeka, ogulitsa kwa okonda kusonkhanitsa ndi kuyerekeza mizere ya mtengo koposa kusuta. Ndipo ku Kendal, kumpoto kwa England, akalipo opota fodya wakuda pa makina akale, nasakanizamo tsamba lofukizidwa la ku Africa.